Kalasi ya m'matope ku Nyanja ya Chilwa

Kuchokera pa geti la University of Malawi ku Zomba kukafika pa doko la Kachulu pali mtunda wa makilomita pafupifupi 30 okha. Wakabaza wamphamvu amaupalasa m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe, dengu la matemba lili pa kaliyala. Koma alipo ophunzira ambirimbiri amene amatha zaka zinayi mumzindawu mpaka kuvala mkanjo wa digiri asanapondepo matope a Nyanja ya Chilwa. Amaiona pa mapu, amaiona ikunyezimira chapatali akakwera phiri la Zomba, amadya nsomba zake, basi.

Amene amafikako ndi ophunzira a sayansi ya zamoyo, a maphunziro a zachilengedwe, komanso ana a m'makalabu a zachilengedwe a kusekondale ndi kupulayimale, omwe bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, WESM, lakhala likuwalimbikitsa kwa zaka zambiri. Pa pepala la aphunzitsi cholinga cha ulendo chimalembedwa mwachidule: kukaona ndi kuwerenga zamoyo za m'dambo. Zimene zimachitika gulu likatsika basi n'zochuluka kuposa pamenepo, ndipo n'chifukwa chake ndikuti ulendo wotere suyenera kumachitika chaka chokhacho chimene kandalama katsalako mu bajeti.

Ulendo wokonzedwa bwino umanyamuka m'bandakucha. Mbalame zimadya ndi kuuluka kwambiri m'mawa kukadali kachisisira. Dzuwa likakwera zambiri zimalowa m'zitsamba osaonekanso. Palinso nkhani ya mphepo. Chilwa ndi nyanja yosaya, malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, koma mphepo ikadzuka masana mafunde amabwera motsatizana ndi mwaukali, ndipo mwini boti wanzeru safuna kupezeka pakati pa nyanja nthawi imeneyo ali ndi ana a eni osadziwa kusambira. Katundu wa ulendo si wambiri: magalasi oonera patali, amene kawirikawiri amakhala ochepa moti gulu lonse limalandizana, buku la zithunzi za mbalame, majombo, mabotolo otungira madzi, kaukonde ka maso ang'onoang'ono, mabeseni oyera ndi kope. Aphunzitsi odziwa amaumirira pensulo, chifukwa bolopeni salemba pa pepala lonyowa.

Nyanja yayambira pati?

Chimene chimasokoneza wophunzira poyamba n'chakuti palibe pamene angaloze n'kunena kuti mtunda wathera apa, nyanja yayambira apa. Msewu umadutsa m'minda ya mpunga, kenaka m'chigwa cha udzu momwe ng'ombe zimadya, chimene chimamira m'dzinja n'kuuma m'chilimwe. Kutsogoloko udzu uja umayamba kuima m'madzi olekeza m'akakolo. Mukapitirira mumalowa m'njedza yotalika kuposa munthu, ndipo mukaibzola m'pamene mumaona madzi apoyera. Chigwa, dambo ndi madzi apoyera, chilichonse chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malowa, ngakhale malire ake amasuntha chaka ndi chaka. Zonse pamodzi ndi mahekitala 224,800, amene analembedwa mu 1996 m'kaundula wa Pangano la Ramsar la madambo ofunika pa dziko lonse. Anali malo oyamba a m'Malawi kulowa m'kaundulamo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaikanso pa mndandanda wake wa malo a zamoyo oyenera kusamalidwa.

Ntchito yoyamba imakhala yotambasula chingwe kuchokera pouma kulowera kumadzi, n'kumaima pa mamita 10 aliwonse kulemba zomera zimene zilipo ndi kuya kwa madzi. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo jombo la wina limatsalira m'matope ndithu. Koma pofika kumapeto kwa chingwe wophunzira amakhala waona ndi maso ake kuti chomera chilichonse chili ndi pake, ndipo chimene chimagawa malowo ndi kuchuluka kwa miyezi imene nthaka imakhala itamira.

Kenaka madzi. Wophunzira akaviika chala n'kulawa, zimene aphunzitsi amaletsa koma nthawi zonse amapezeka wina wozichita, amamva kamchere. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imatsika kuchokera ku mapiri a Zomba, Chiradzulu ndi Mulanje, ndipo Mnembo umachokera ku Mozambique. Yonseyi imathira mu Chilwa, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulukamo. Kalekale nyanjayi inali yolumikizana ndi Chiuta kumpoto kwake, ndipo madzi ake ankatsika ndi mtsinje wa Lugenda mpaka ku Ruvuma. Mchenga utaunjikana pakati pa nyanja ziwirizi, m'dera limene njanji ya ku Nayuchi imadutsa lero, khomo linatsekeka. Chiyambire pamenepo madzi a mu Chilwa amachoka ndi dzuwa basi. Zili ngati mphika wa ndiwo woiwalidwa pamoto: msuzi ukamaphwera, mchere umanka nuwawa. N'chifukwa chake botolo lotungidwa pa mathiriro a Likangala ndi lotungidwa pakati pa nyanja amapereka manambala osiyana pa kachipangizo koyezera mchere, ndipo botolo la mu Epulo limasiyana ndi la mu Novembala.

Pali chida china chosavuta chimene ophunzira amachikonda: kambale kopakidwa utoto woyera ndi wakuda komangidwa pa chingwe, kotchedwa Secchi. Mumakamiza pang'onopang'ono mpaka kasiye kuoneka, n'kuyeza chingwecho. Pakati pa Nyanja ya Malawi kambaleko kamaonekabe katatsika mamita oposa 10. Mu Chilwa kamasowa dzanja lisanamire mpaka m'chigongono. Mphepo imavundula matope a pansi tsiku ndi tsiku, ndipo mitsinje imabweretsa dothi lina lokokoloka m'minda ndi m'mapiri ometedwa mitengo.

Wophunzira wongofika kumene amaganiza kuti madzi oderawa ndi osauka. Ayi ndithu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana. Mu Chilwa nsomba zimene zimadzaza madengu ndi zitatu zokha: matemba, makumba ndi mlamba. Komabe m'zaka zabwino nyanja yaing'onoyi yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Chinsinsi chili m'njedza muja. Chomerachi chimapirira madzi amchere kuposa gumbwa, chimakula msanga, ndipo masamba ake akafa amawolera m'madzi n'kudyetsa tizilombo ting'onoting'ono timene nsomba zimadya. M'mizu yake ndi momwe tiana ta nsomba timabisala. Wotentha njedza kuti apeze munda wa mpunga amakhala akutentha nkhokwe ya msodzi, ndipo nthawi zambiri mlimiyo ndi msodziyo ndi munthu mmodzi yemweyo.

Kuwerenga mbalame

Gawo limene aliyense amaliyembekezera ndi la mbalame. Boti likalowa m'ngalande za m'njedza injini imazimitsidwa, mwini boti n'kutenga mponda wake, ndipo lamulo limakhala limodzi: pakamwa tseke. Kwa achinyamata odzaza boti, limeneli ndi lamulo lovuta kuposa mayeso.

Zoyamba kuoneka ndi zodziwika kale. Akakowa oyera ali ndandanda m'mbali mwa madzi. Mphipi yatambasula mapiko pa chikuni kuti aume, popeza nthenga zake zimanyowa ikamira kusaka nsomba. Nkhwazi imalira kumwamba, mutu utapendekera kumbuyo, ndipo pamenepo ngakhale wophunzira amene anabwera chifukwa cha ulendo wa basi amatukula maso. Atsekwe amadzuka mwaphokoso. Kutali pa madzi apoyera avuwo amayandama m'kagulu. Nantchengwa amayenda m'madzi osaya akupalasa matope ndi phazi kuti achule ndi tinsomba tidzidzimuke. Mbalame imeneyi imamanga chisa cha timitengo masauzande, chachikulu ndi cholimba moti munthu atha kuimapo, ndipo akuluakulu ambiri amaletsa ana kuchiphwasula. Ana a m'makalabu amaidziwa bwino chifukwa magazini ya WESM ya ana asukulu inatenga dzina lake.

Zimene zimagwira mtima kwambiri ndi zachilendo. Pa masamba a kakombo pamayenda kambalame kofiirira ka zala zazitali modabwitsa, kamene mabuku amakatcha African jacana. Zala zimenezo zimagawa kulemera kwake kuti tsamba lisamire. Mphunzitsi akafotokoza kuti pa mbalame zimenezi yaikazi imaikira mazira n'kuchoka kukafuna mwamuna wina, ndipo yaimuna ndi imene imafungatira mpaka kunyamula anapiye m'mapiko, lamulo la kukhala chete lija limathera pomwepo. Palinso dokowe wakuda wa mlomo wosakumana pakati, amene amadya nkhono zikuluzikulu za m'dambo. Ngakhale osamuona, mumadziwa kuti anali pano poona mulu wa zigoba zopanda kanthu pa chulu.

Zolembedwa za Ramsar zimatchula mitundu 153 ya mbalame zokhala konkuno ndi mitundu 30 ya zochokera kumpoto kwa dziko lapansi. Alendo amenewa amafika cha mu Seputembala ndi Okutobala, pothawa chisanu cha ku Ulaya ndi ku Russia, n'kubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Ena ndi anamzeze amene madzulo amagona m'mabango ali chikhamu. Ena ndi timbalame totuwa ta miyendo yaitali tojompha m'matope, tofanana kwambiri moti ophunzira amakangana ndi buku lili m'manja. Kamodzi mwa ito, wood sandpiper, sikalemera n'komwe magalamu 100, koma kamauluka makilomita oposa 7,000 kuchokera kumene kanaswedwa kuti kadzadye m'matope a ku Kachulu. Dambo la Chilwa likauma kapena likalimidwa lonse, zotsatira zake zimakamveka ku Finland.

Kuwerenga kwenikweniko kuli ndi luso lake. Gulu la abakha a m'madzi, achipweyo, likadzuka simungawerenge mmodzimmodzi. Mumawerenga 10, n'kuona kukula kwa kachigawo kameneko, kenaka n'kumayeza gulu lonse ndi maso: 10, 20, 30, mpaka kumapeto. Anthu awiri amawerenga payekhapayekha osauzana, n'kufananiza. Tsiku loyamba wina amapeza 200 pamene mnzake wapeza 500. Apa m'pamene wophunzira amazindikira kuti manambala amene amawaloweza m'mabuku anachokera kwa munthu wina amene anakhalanso m'boti logwedezeka, dzuwa lili m'maso, ndipo amayamba kufunsa funso limene wasayansi aliyense ayenera kulizolowera: anawerenga bwanji, nthawi yanji, ali pati?

Ndiye pali mbalame zimene magalasi oonera patali sathandiza. M'kati mwa njedza mumakhala anadititi ndi abale awo, mbalame zamanyazi zoyenda pansi m'mizu, zimene mumangomva kulira kwake. Pamenepa digiri ya mphunzitsi imachepa mphamvu, ndipo amene amatsogolera kalasi ndi bambo wopalasa boti uja, kapena wosaka mbalame amene gulu lamupempha kuti aliperekeze. Iye amasiyanitsa mbalamezo ndi khutu, amadziwa mwezi umene zimaikira, kuya kwa madzi kumene zimakonda kumangapo zisa, ndi chaka chimene zinachepa. Ophunzira amene m'mawa amamuyang'ana ngati wonyamula katundu, pofika masana amakhala akuti bambo, tabwerezaninso pamenepo tilembe.

Chimene chimawavuta kumeza n'chakuti nzeru zimenezi bamboyo anazipeza pozipha mbalamezo. Ku Chilwa mbalame ndi ndiwo, ndiponso ndi malonda. Zimagwidwa ndi misampha ya zingwe, ulimbo, maukonde, ndipo abakha ndi atsekwe amawomberedwa ndi mfuti. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame zoposa 1 miliyoni zinkagwidwa chaka chilichonse. Kusakaku kumakula m'miyezi ya dzinja, pamene nkhokwe zapita pansi, chimanga chisanache, ndipo boma latseka nyanja kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane. Tsoka lake, imeneyi ndi nyengo yomwenso mbalame zambiri zimaswana.

Wophunzira wa m'tauni akaona mbalame zowamba zili pa thebulo pamsika, mawu oyamba kutuluka amakhala akuti aboma aletse. Mphunzitsi wabwino samukalipira, koma amamupatsa masamu. Mbalame imodzi imaikira mazira angati, kangati pa chaka? Mwa anapiyewo amakula ndi angati? Tingachotsepo zingati gulu osachepa? Ndipo banja limene mwaliletsa lidya chiyani mu Febuluwale? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene anachititsa kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 osaka mbalame a ku Chilwa ayambe kudzisonkhanitsa m'makalabu, mothandizidwa ndi WESM ndi bungwe la alenje la ku Denmark, n'kupatula malo ena oti mbalame ziziswana osasakidwa. Dongosololi lili ndi zofooka zake, makamaka chaka cha njala, pamene lamulo la kalabu limalimbana ndi mimba ya mwana. Koma ine ndimaona kuti wophunzira amene wamva mkangano umenewu ali m'boti limodzi ndi mlenje waphunzira zambiri kuposa amene wangolemba pa mayeso kuti kupha mbalame n'koipa.

Za m'beseni

Dzuwa likafika pamutu mbalame zimachepa, ndipo gulu limabwerera kumtunda kukakhala pamthunzi ndi mabeseni oyera aja. Kaukonde kamakokedwa m'mizu ya njedza, zotuluka n'kukhuthulidwa m'beseni. Poyamba mumangoona zinyalala. Madzi akadekha zinyalalazo zimayamba kuyenda: ana a tombolombo okhala ndi chibwano chotambasuka chogwirira nyama, tizikumbu tosambira chagada, ambululu, misundu, tinsomba tosaposa chikhadabo. Ndi zimenezi zimene zimalumikiza njedza yowola ija ndi nkhwazi ya kumwamba.

Mumakhalanso tinkhono ting'onoting'ono, ndipo pa ito mphunzitsi amakweza mawu. Tina mwa tinkhonoti ndi timene timasunga tizilombo ta likodzo. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilomboto amaswa, tiana take n'kulowa m'nkhono momwe timachulukana kwa milungu ingapo. Tikatuluka, makamaka masana dzuwa likuswa mtengo, timasambira kufunafuna khungu la munthu n'kuliboola. N'chifukwa chake majombo ndi magolovesi si zokongoletsera, ndipo amene wanyowa amalangizidwa kukaonana ndi achipatala, komwe kuli mankhwala a praziquantel. Wophunzira amavala jombo tsiku limodzi. Mwana wa pa Kachulu amene waima pambali kuonerera alendowo amalowa m'madzi omwewo tsiku lililonse, wopanda nsapato.

M'zithaphwi za m'chigwa, zimene zimadzaza ndi mvula n'kuuma pakapita miyezi yochepa, muli kansomba kofiira kokongola kotchedwa Nothobranchius kirki, kamene asayansi anakalemba koyamba mu 1969 kuchokera m'dera lomweli. Moyo wake wonse ndi wa dzinja limodzi. Kamakula msangamsanga, kamaikira mazira m'matope, chithaphwi chikauma n'kufa. Mazirawo amakhala m'dothi louma chilimwe chonse kudikira mvula. Gulu limene lapita mu Okutobala limayenda pamwamba pa nsomba zimenezi osadziwa.

Ngati nthawi ndi mafuta zilipo, boti limapita mpaka ku chilumba cha Chisi, chimene akatswiri a miyala amachidziwa pa chifukwa chawochawo: m'zaka za m'ma 1930 Frank Dixey ndi anzake anazindikirapo mwala wa mtundu wa carbonatite koyamba mu Africa muno. Panjira mumadutsa zimbowera, tinyumba ta asodzi tomangidwa pa njedza yoyandama, momwe amuna amakhala milungu kapena miyezi osaponda kumtunda. Madzi akumwa, osamba ndi chimbudzi ndi nyanja yomweyo. Kolera atabuka kumeneko kumapeto kwa 2015, a Unduna wa Zaumoyo ndi a Médecins Sans Frontières anachita kuyenda pa maboti mu 2016 kukapereka katemera wakumwa, ndipo asodzi a m'zimbowera ankapatsidwa botolo lachiwiri kuti akamwe okha tsiku lake likakwana. Nkhani imeneyi si ya mbalame, koma wophunzira amene akulemba za zamoyo za mu Chilwa n'kusiyamo munthu walemba theka.

Tsiku limodzi silikwanira

Vuto lalikulu la ulendo wa tsiku limodzi n'lakuti Chilwa si nyanja yokhazikika. David Livingstone ndi John Kirk ataifika mu Epulo 1859, anaona nyanja yaikulu ya madzi owawa. Chiyambire nthawiyo yakhala ikuphwa ndi kudzaza mobwerezabwereza. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012, ndipo chakumapeto kwa 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'ambika, anthu akukankha maboti m'ngalande kuti akafike ku Chisi. Patangopita zaka zochepa, namondwe Ana wa mu Januwale 2022 ndi Freddy wa mu Malichi 2023 anagwetsa chimvula chimene chinadzaza nyanja mpaka madzi kulowa m'minda ndi m'midzi ya m'mphepete. Wophunzira wa mu Novembala 2018 ndi wa mu Epulo 2023 akanati afananize malipoti awo, mukanati anapita malo awiri osiyana.

Zambiri zimene tikudziwa za mmene nyanjayi imafera ndi kudzukanso tinazidziwa chifukwa anthu ena anapirira kubwerera malo omwewo mwezi ndi mwezi. Mu 1966, University of Malawi ili yakhanda, aphunzitsi a sayansi ya zamoyo motsogozedwa ndi Pulofesa Margaret Kalk anayamba kafukufuku wa Chilwa amene anatenga zaka 10. Mwamwayi wa sayansi, ngakhale linali tsoka kwa asodzi, nyanja inauma ali m'kati mwa ntchitoyo. Anaona mchere ukukwera, makumba akufa, nsomba zotsala zikuthawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a pa mathiriro. Madzi atabwerera anaona mlamba, umene umatha kupuma mpweya wa kunja ndi kupirira matope, ukuyamba kuchuluka, matemba n'kutsatira, makumba n'kubwera pambuyo. Zonsezi zinasonkhanitsidwa m'buku limene Kalk, McLachlan ndi Howard-Williams anatulutsa mu 1979, limene mpaka lero aliyense wofufuza za Chilwa amayambira.

Nzeru imeneyi inagwira ntchito mu 1995. Podziwa kuti mbewu ya nsomba za mawa ili m'maiwe a m'mitsinje, a Dipatimenti ya Usodzi pamodzi ndi mafumu analimbana ndi mchitidwe wothira katupe wophera nsomba m'maiwemo, ndipo m'pamene makomiti a asodzi a m'madoko anayamba kuzika mizu ku Chilwa. Nsomba zinabwerera. Akanakhala kuti anthu aja a mu 1966 anangopita tsiku limodzi n'kujambulitsa pa doko, sakanasiya chilichonse chothandiza.

Apa m'pamene maulendo athu ambiri a masiku ano amaperewera. Gulu limapita, limawerenga, limalemba lipoti, mphunzitsi amachonga n'kupereka malikisi, mapepala aja n'kukathera m'katoni kapena kokulungira mandasi. Chaka chotsatira gulu lina limayambanso pachiyambi, pa malo ena, mwezi wina, ndi njira ina yowerengera. Chikhala kuti sukulu iliyonse inasankha malo ake awiri kapena atatu, n'kumabwererako nthawi yofanana chaka chilichonse, n'kumalemba m'buku limodzi losungidwa bwino, pakutha pa zaka 10 ikanakhala ndi chuma chimene ngakhale akatswiri obwera ndi ndege alibe. Sizifuna makina odula. Zifuna kope, chingwe, kambale ka Secchi ndi mphunzitsi wosatopa.

Chinanso ndi ulemu. Anthu a m'mphepete mwa Chilwa afunsidwa mafunso ndi ofufuza kwa zaka zoposa 50. Amapereka nthawi yawo, amaloza zisa, amatchula maina a mbalame ndi zomera, alendo n'kukwera basi osadzamvekanso. Lipoti likatuluka limakhala m'Chingerezi, mu laibulale ku Zomba kapena pa intaneti. Gulu lolongosoka limayamba kukaonekera kwa amfumu ndi ku komiti ya padoko, limalipira mwini boti ndi woperekeza mtengo woyenera osanenerera ngati pa kaunjika, limapempha lisanajambule munthu, ndipo likamaliza limabweza mawu. Njira zobwezera zilipo. Wailesi ya Chanco Community Radio imamveka m'dera lonseli, ndipo mphindi 15 zofotokoza m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene ophunzira apeza zingafike kwa msodzi amene ali m'chimbowera.

Za ndalama sitingazibise. Basi, mafuta, boti, chakudya ndi majekete oyandamitsa, amene sayenera kusiyidwa ngakhale bajeti itafinyika bwanji, zonsezi ndi ndalama zimene sukulu zambiri za boma zilibe. Koma sukulu zambiri za ku Zomba, Machinga ndi Phalombe zili pa mtunda woyenda pansi kapena pa njinga kukafika kudambo, ndipo theka la ntchito imene yafotokozedwa pano silifuna boti n'komwe. A ku Chikwawa ndi Nsanje ali ndi dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'kaundula wa Ramsar mu 2017. A ku Rumphi ndi Mzimba ali ndi Vwaza.

Mbalame za m'madzi zimawerengedwa m'maiko ambiri a mu Africa mu Januwale ndi mu Julayi chaka chilichonse, ndipo pa 2 Febuluwale dziko lonse limakumbukira madambo, tsiku limene Pangano la Ramsar linasainidwa ku Iran mu 1971. Aphunzitsi aakulu ndi a makomiti a sukulu, sankhani limodzi mwa masiku amenewa, mulilembe pa kalendala ya sukulu chaka chisanayambe, ndipo mugule kope lachikuto cholimba loti gulu la chaka chino lidzasiyire la chaka chamawa.